Paketi ya Maliro Ili ndi Mpando Umodzi

Lachiwiri, 4 Marichi

Lero ndi tsiku lachinayi bambo ali mufiriji ku mochale. Munthu amene ankazimitsa fani, ati imalowetsa chibayo. Ndakumbukira zimenezi mu trotro, minibasi yathu ija, ndipo ndaseka ndekha, kenako ndalira, mpaka mayi wina wandibwereka kansalu konunkha nsomba zouma.

Ku famase andipatsa masabata awiri. Bola kugulitsa mankhwala a njoka za m'mimba kusiyana ndi kukhala pabwalo la nyumba ya bambo ku Bantama kumamvera anthu akunamizira bambo kuti anali wofatsa. Wofatsa! Bonsu wa masipeya a galimoto, amene akayetsemula kushopu kwake ku Suame agalu a ku Bantama ankauwa.

Mwambo wa sabata, uja timasonkhana pakatha sabata munthu atamwalira, auika Loweruka pa 15. Sabata ya masiku khumi ndi anayi, chifukwa a Ampofo, akulu awo a bambo, mwini mbumba, akudikira mano atsopano kwa dokotala. Ati sangalengeze tsiku loika maliro ndi nkhama zokha.

Ine nkhawa yanga ndi imodzi: amayi adzakhala pati? Kumasi yense adzabwera kudzagwira chanza mzere wakutsogolo, kuyambira kumanja mpaka kumanzere. Amene ali pamzerepo ndiye waferedwa. Amene sali pamenepo wangobwera kudzamwa zoziziritsa kukhosi. A Madamu Konadu, akazi aakulu a bambo, a mphete ndi kalata ya kutchalitchi, ahedi opuma, akuti mkazi wa Bonsu ndi mmodzi. Amayi akhala ndi bambo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Bambo anakapereka mabotolo awiri a jini kwa agogo ku Ejisu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. A Madamu akuti jini si ukwati, ndi ludzu chabe.

Ndawafunsa a Ampofo. Ati, "Tiona, Pokuaa." Tiona wa a Ampofo ndimamudziwa. Denga la khitchini akulionabe kuyambira ndili ku pulayimale.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndapatsidwa ntchito. Sarpong, mwana wa a Madamu amene ali ku Hamburg, wawauza a Ampofo pafoni kuti ine ndimamanga nyumba pa kompyuta. Ndiye a Ampofo andiitana, mawu akutuluka ndi mpweya: "Utijambulire bwalo lonse. Matenti apa, ang'oma apa. Tidzaone pa TV Lamulungu tikachoka kutchalitchi."

Ndavomera. Ndikanati chiyani? Kuti si mapulani, ndi gemu ya tianthu? Kuti mzimayi wa zaka 29, wa dipuloma yake, amatha Lamulungu lonse akuuza tianthu kuti tikasambe?

Amayi athu salankhulana, koma ine ndi Sarpong timamvana. Chaka chilichonse pa tsiku langa lobadwa amanditumizira paketi yowonjezera mugemu. Ndili nazo zitatu.

Ya Nyengo: mvula yake ndi yeniyeni, mpaka mabingu. Koma Disembala ikafika, m'malo mwa fumbi lathu lija long'amba milomo, Bantama yense chipale chofewa mbee! Amayi a mugemu amatuluka ndi nsalu imodzi pachifuwa kukaumba chimunthu cha chipale.

Ya Ziweto: galu amagona pabedi, mbuzi siphedwa, nkhuku zimapatsidwa mayina n'kufa ndi ukalamba. Nanga supu tidzaphika ndi chiyani, anthu inu? Chabwino chake n'chimodzi, tambala amathamangitsa munthu amene samukonda.

Ya Ukwati: zovala zokongola, keke yosanjikiza kanayi. Koma mkazi mmodzi basi. Ukayesa wachiwiri, woyambayo amakuwomba mbama n'kunyamula katundu. Amene anapanga gemuyi sanakumanepo ndi bambo anga.

Ndiye poti gemu inati sankha mmodzi, ndinasankha. Zaka zitatu zapitazo ndinamanga nyumba ya ku Bantama yonse, mpaka mtengo wa mango ndi thanki yodontha ija, n'kuikamo bambo ndi amayi, mphete kuchala. Bambo a mugemu amafika pakhomo faifi koloko tsiku lililonse. Tsiku lililonse! Madamu ndinamupanganso: magalasi a tcheni, chikwama chakuda, kamlomo kongokhala ngati walawa ndimu. Ndinamuika m'kanyumba ka kuseri ngati neba. Tambala wanga samukonda. Palibe akudziwa zimenezi, ngakhale Sarpong.

Madzulo ano watumiza yachinayi, ya Maliro ndi Mizukwa. Kauthenga kake: "Muli matenti, mlongo. Usalire kwambiri."

Lachinayi, 6 Marichi

Tchuthi cha ufulu. Ana a sukulu akuguba padzuwa, ine ndili m'chipinda kufunafuna njira yophera bambo anga.

Eya. Paketiyi sitsegula matenti mpaka pakhomo pafe munthu. Ndinayamba ndaganiza za Madamu, kunama sikwabwino. Koma maliro a neba amachitikira kwa neba, ndipo ine ndikufuna bwalo lalikulu.

Njira zake ndi zambiri. Moto, mphezi, nsomba yowola, kuseka mopitirira. Kuseka mopitirira kukanawayenera. Ndasankha ukalamba. Ndadina batani n'kutembenukira kukhoma ngati mwana wobayidwa jakisoni. Pocheuka, bambo ali pansi pafupi ndi firiji, mbale ili m'manja. Anafika faifi koloko monga mwa masiku onse, n'kufa kota pasiti.

Enieni aja anagwa kushopu ine ndili kuntchito, ndinapeza atawaphimba kale. Awa ndawapha ndekha ndi chala ichi. Ndalira kuposa tsiku lija, ndipo zandinyansa kuti zili choncho.

Amayi anagogoda. "Ukulira kapena ukuseka?" Ndati zonse. Ati, "Ukamaliza ubwere udzasinje chinangwa cha fufu."

Lachisanu, 7 Marichi

Zabwino za paketi ya Maliro. Matenti ndi enieni, mipando ya pulasitiki ngati yathu yomwe. Tianthu timalira bwino, mpaka mamina. Ndipo womwalirayo amabwerako ngati mzukwa, wobiriwira ngati botolo, ukhoza kulankhula naye. Bambo abwera masana ano, atsegula firiji, adya mpunga wa anamfedwa. Pamenepo awajambula ndendende.

Zoipa. Munthu wafa m'mawa, masana waikidwa. Ngati nkhuku ya chitopa! Ife athu adzatuluka mufiriji mwina Juni, mwina Julaye. Olira saposa khumi ndi awiri, pamene ife khumi ndi awiri ndi okangana za mtundu wa bokosi okha. Nsalu ndi zakuda zokhazokha, yofiira kulibe. Ng'oma kulibe, kuli kagitala kamodzi. Pakatha maola awiri aliyense wachira, wina wapita kukasambira. Ndipo palibe wogwira mnzake chanza, amangokumbatirana ngati ali pabwalo la ndege.

Choipitsitsa: mpando wa mkazi wamasiye ndi umodzi. Wa khushoni, wamaluwamaluwa. Ndayesa kuika wachiwiri, gemu yakana. Ndayesa benchi, pakhala ophika. Ndayesa kuika mpando wamba pambali pake, galu wa paketi ya Ziweto wagonapo.

Ku Bantama amayi tsiku ndi tsiku akungotsuka makapu a alendo, mutu pansi, ngati anachita kulembedwa ganyu. Zimandipsetsa mtima. Koma lero anapereka madzi kwa a Madamu, ndipo a Madamu alandira. Amwa! Zaka zonsezi ngakhale moni sanalandirepo.

A Ampofo anditsina khutu pageti: "Waona? Mayi akowo angaphike mwala mpaka upse. Iwe usalowererepo ndi pakamwa pakopo. Madamu akapanda kukana Lamulungu, tiika mipando iwiri."

Ndavina pang'ono kuseri kwa thanki. Pamaliro a bambo anga. Akanandimvetsa.

Loweruka, 8 Marichi

Bwalo ndamaliza. Mawa ndiwaonetsa gemu itaima, tianthu tonse ndatitsekera m'nyumba. Adzangoona matenti. Palibe chingavute.

Lamulungu, 9 Marichi

Ndilembe bwinobwino kuti ndikadzakalamba ndidzadziwe tsiku limene ndinadzikumbira dzenje.

Pabalaza ku Bantama: a Ampofo ndi mano atsopano oyera ngati matailosi a kubafa, a Madamu pampando wa bambo, azakhali atatu, akuluampingo awiri. Amayi ataima pakhomo ndi thireyi. Ndinalumikiza chingwe ku TV, bwalo n'kutulukira. Mango, thanki, matenti. Onse "Eii!" A Ampofo: "Mpaka thanki ikudontha! Mwana uyu ndi mfiti." Ngakhale a Madamu anakweza magalasi.

Zikanathera pomwepo. Koma a Ampofo anafuna kuloza podzakhala ang'oma, n'kugunda laputopu ndi chala chawo chonga chinangwa chija. Pa batani lalitali. Gemu inayamba kuyenda.

Ndinali nditaiwala kuti maliro akayamba, paketiyi imatsegula zitseko zonse yokha. Chimenechi chipite pa zoipa.

Tianthu tinatuluka. Kutsogolo amayi, nsalu yawo yamadonthomadontho ija, chipsera cha pachipumi, palibe akanakana. Anayenda mwachifatse n'kukakhala pampando wa khushoni. Pamwamba pa mutu: DUFIE, MKAZI WAMASIYE. Kenako kuchokera kuseri kunatulukira magalasi a tcheni ndi chikwama chakuda. KONADU, NEBA. Anakaima kumapeto kwa tenti, n'kutenga mbale, n'kuyamba kudya.

Ndinkafuna batani loimitsira, koma ndinadina lothamangitsira. Ndiye tambala anafika.

Za tambala sindilemba zambiri. Anazungulira naye mango katatu, chikwama chili m'mwamba. Mkuluwampingo mmodzi anaseka n'kusandutsa chifuwa.

A Madamu anaonera mpaka ndinazula chingwe. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Neba," anatero, motsitsa mawu. Ine sanandiyang'ane. Anayang'ana amayi. "Dufie, madzi ako aja ndinamwa ndikuyesa ndi madzi." N'kulowa kuchipinda.

A Ampofo: "Mpando umodzi. Nkhani yatha. Mayi ako akafuna kubwera adzakhale kumbuyo ndi ogulitsa nsomba anzawo."

Amayi anaika thireyi pansi bwinobwino, popanda kapu ngakhale imodzi kugwedezeka, ndipo tinapita kokakwerera trotro.

Lolemba, 10 Marichi

Dzulo amayi sanandikalipire. Bola akanatero. Lero m'mawa ndawapeza akupinda nsalu yofiira ndi yakuda imene anagulira Loweruka, akuibwezera m'sutikesi. Osandiyang'ana:

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, kuti tsiku limodzi lokha ndidzakhale kutsogolo. Tsiku limodzi, Pokuaa. Iwe ndi zidole zako."

Ndinati ndinazipanga kalekale, sizinali za maliro. Ndinati ndinkangofuna kuona bambo akubwera kunyumba. Anasiya kupinda. "Ndiye ankabwera?" Ndati tsiku lililonse, faifi koloko. Ati, "Hm. Ameneyo si bambo ako." N'kutseka sutikesi.

Sarpong waimba masana. Ndimayembekeza moto, ndipo wayambadi ndi moto. "Amayi anga neba? Amayi anga ine?" Kenako, "Koma tambalayo unamuphunzitsa bwanji?" Tonse taseka. Pomaliza wati, "Wandipweteka, Pokuaa. Ndipo tambalayo ndinakugulira ndine."

Lachiwiri, 11 Marichi

Nkhani yafika kale kumsika. Mnzawo wa amayi wabwera kudzapepesa, wapepesa bwinobwino, ndipo potuluka wandikokera pambali. "Mwanangu, tambala uja sungamuikire mkazi mnzanga? Chithunzi chake ndili nacho." Ndamutsekera chitseko mwaulemu.

Ndinatsegula laputopu kuti ndifufute gemu yonse. Mzukwa wa bambo unali kukhitchini, ukuvina wokha. Ndatsekanso.

Amayi sanapite ku Bantama. Atsala masiku anayi.

Lachitatu, 12 Marichi

Seveni koloko m'mawa, foni. A Madamu. Chibadwire sanandiimbirepo, sindinkadziwa n'komwe kuti nambala yanga ali nayo. "Ubwere. Ndi chimakina chakocho."

Ndinapita ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Pakhomo la chipinda chawo ndinagwada, ndayamba, "Madamu, ndapota nanu..." Ati, "Dzuka. Mawondo akowo si kalata yopepesera. Tsegula."

Anakhala pabedi, magalasi pamphuno ngati akuchonga mayeso. Anayendera nyumba yonse, chipinda ndi chipinda. Ati makatani ndalakwitsa. Kenako anadziyang'ana nthawi yaitali. "Chikwama wachikhoza. Mlomo wawonjeza." Sindinawonjeze, koma ndinavomera.

"Iye ali kuti?"

Ndinawaonetsa mzukwa. Poti pakamwa panga sipadziwa kupuma, ndinafotokoza kuti asanafe, bambo a mugemu ankafika pakhomo faifi koloko tsiku lililonse.

"Unkasowa chiyani iwe? Si ankachoka kuno Lachinayi n'kudzabwerako Lolemba? Masiku anayi pa sabata anali anu. Ine ndinkatsala ndi malaya ochapa."

Ndinati, "Madamu, kwathu ankabwera Lachisanu lokha. Ankati masiku ena onse ali kuno, inu simuwalola kutuluka."

Ndinawaona akuwerenga ndi zala pabondo. Lachinayi. Loweruka. Lamulungu.

Ndipo ndikulumbira pa manda osakumbawo, nthawi yomweyo mzukwa wa bambo unadutsa amayi a mugemu, unadutsa neba, n'kukaima pa kamayi kophika chakudya cha pamaliro. Timitima tofiira tinayamba kuuluka pamwamba pa poto.

A Madamu anatulutsa mawu amene sindinawamvepo, ngati ketulo ikayamba kuwira. Ndinayesa akukomoka. Kunali kuseka. Anaseka mpaka magalasi analendewera pa tcheni, misozi chuchuchu, ndipo penapake kusekako kunasanduka kulira. Ine ndinayang'ana makatani. Ndinalakwitsadi.

Atadzipukuta: "Kodi angamenyedwe?"

Ndinayesa. Dzanja limangodutsa, choipa chinanso cha paketiyi. Koma pali batani lolembedwa kuti Mkalipire.

"Ndipatse."

Anadina. Neba anapita pa mzukwa, chikwama m'mwamba, n'kuyamba kulalata m'chilankhulo chosamveka cha tianthu chija. A Madamu anayamba kumasulira. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi sindingawalembe, pepalali lingapse. Anadina kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, ndinawerenga. Mzukwa unangoima, mutu pansi. Wamoyo uja sanaimepo chonchi. Ankatenga makiyi a galimoto n'kutuluka munthu usanamalize kulankhula.

Apa ndiye ndavomereza. Paketi imeneyi yaposa zinzake zonse, ngakhale ilibe ng'oma. Munthuyo sathawa.

Atatopa anandikankhira laputopu. "Mawa ubwere nayonso. Ndipo umuuze Dufie afike teni koloko. Ndi Lachisanu lake limodzi lija, ayenera kuti ali nazo zonena."

Za mpando sanatchule. Nanenso ndinagwira pakamwa, koyamba chaka chino.

Lachinayi, 13 Marichi

Amayi anakana, anakananso, kenako anakasamba.

Nditangowaonetsa batani onse awiri, a Madamu anandithamangitsa. "Panja, mfiti iwe." Ola ndi theka ndili pansi pa mango. Ndinamva mawu a a Madamu, kenako mawu ena okwera amene sindinawazindikire msanga. Amayi! Moyo wanga wonse sindinawamvepo akukwezera bambo mawu. Anayambira milandu ya 1994.

Azakhali ankafuna kuthyola chitseko, ati akumenyana. A Ampofo anakaika khutu pazenera n'kubwerako atagwirira mano. "Akutukwana mng'ono wanga mosinthana. Uyu akapuma, uyu alowa."

Potuluka, aliyense ndi nkhope yake. Amayi: "Tsalani bwino, Madamu." A Madamu: "Hm." Basi. Batire ya laputopu itatheratu.

Mu trotro ndafunsa za mpando. Amayi ati, "Sitinakambe za mipando. Tinali ndi ntchito."

Lachisanu, 14 Marichi

Matenti afika, ofiira ndi akuda, okongola kuposa a mugemu. Awaimika momwe ndinajambulira. Thanki ikudonthabe.

Mzere wakutsogolo a Ampofo ayang'anira okha. Koyambirira kumanja mpando umodzi wa khushoni, kenako wawo, kenako a azakhali. Ndawayang'ana. Ati, "Usandiyang'ane ine. Si ine ndinaweta tambala."

Amayi atulutsa nsalu ija m'sutikesi, akuisita. Ati adzakhala kumbuyo, maliro a mwamuna wako sujomba. Ndapita kubafa kukatsegula mpopi kuti asandimve.

Loweruka, 15 Marichi

Ndikulemba nditakhala pa kireti kuseri kwa thanki, ng'oma zikulira. Ndilembe ndisanasokoneze dongosolo lake.

Pofika naini koloko matenti anali atadzaza. Amayi kumbuyo, mzere wachisanu ndi chimodzi, pakati pa anzawo a nsomba. Ine ndili ndi thireyi. A Madamu anatuluka m'nyumba komalizira, ngati ahedi pa asembule. Anafika pampando wa khushoni n'kuuyang'ana ngati mwana wosameta.

"Ichi ndi cha mugemu. Chotsani."

A Ampofo: "Alamu, anthu akuona."

"Ndiye cholinga chake."

Anatuma azakhali awiri, akuluakulu ndithu a imvi zawo, kukanyamula benchi ya kukhitchini, yakuda ndi mapoto ija. Anakhala kumapeto kwake. Chikwama, chimene nthawi zonse amachipatsa malo akeake, anachiika pamiyendo. Sanacheuke. Anangokweza chala chimodzi, chija chinkaimitsa sukulu yonse.

"Dufie. Wachedwa."

Amayi anadzuka. Anadutsa mizere itatu mutu uli pansi, kenako anaudzutsa. Anakhala pabenchi. Pakati pawo panatsala malo okwana mwana, ndipo palibe anayang'ana mnzake. Kungoti mayi wina wachilendo wa magalasi akuda atayamba kulira mokweza pageti, mitu yonse iwiri inatembenuka pamodzi. (Ndi msuweni wa ku Obuasi. Akuti.)

Kenako chanza chinayamba. Oyamba anali amayi a kutchalitchi, yunifolomu mbee, kutsogolo mnzawo wa a Madamu wa zaka zambiri. Anagwira dzanja la a Madamu ndi manja awiri. "Pepa mnzanga, pepa, mwini zonse ndi Mulungu." Kenako maso ake anadumpha amayi ngati akudumpha chithaphwi, thupi n'kulunjika kwa a Ampofo. Dzanja la amayi linali litadzuka kale pang'ono. Ndinaliona likubwerera pansalu.

Koma mayiyo sanapite. A Madamu sanamusiye. Anamugwirabe, n'kumukoka pang'onopang'ono chakumanzere, magalasi ali pamphuno, mpaka dzanja lake analiika m'dzanja la amayi.

"Sunamalize," anatero. "Taferedwa awiri pano."

Mzere wonse mpaka kugeti unaona. Wachiwiri sanadikire kukokedwa.

Ndisiye apa. Amayi akundikodola, akufuna madzi. Akuti dzanja lawawa.